Mmene Nalimata Adadzimangira pa Mpando wa Kompyuta

Padangotero. Amene muli nane vomerani kuti tili tonse. Amene mwakhuta pitani mukagone, nthano iyi si yanu.

Chaka china madzi adauma, n'kutsala chitsime chimodzi chokha cha nyama zonse. Gwape akati akamwe, amapeza Kambuku ali pomwepo. Mbidzi akati atsike, amakumana ndi Mkango. Maliro adachuluka mpaka okumba manda adayamba kukana makasu. Ndiye bwalo la nyama lidagamula kuti papangidwe pulogalamu ya pa kompyuta yoti izitumiza uthenga pa foni ya nyama iliyonse, kuiuza ola lake lokamwa madzi, kuti wodya mnzake ndi wodyedwa asamakumane.

Ntchitoyo adaipereka kwa Ng'azi, mwini kampani. Ng'azi sankadziwa n'komwe poyatsira kompyuta. Chimene ankadziwa ndi kuvala tayi ndi kutulutsa lilime pamsonkhano. Adalemba Gulo kukhala kapitawo, chifukwa Gulo chilichonse chimene bwana wanena amangogwedeza mutu kuvomera. Kenaka adalemba awiri odziwa ntchito yeniyeniyo: Fulu, mkulu wofatsa, ndi Nalimata, wa zala zofulumira ndi mutu wodzaza machenjera.

Fulu ankalemba pang'onopang'ono. Akalemba mzere umodzi wa pulogalamu, pambali pake amaikapo timawu tofotokoza kuti mzerewo ukuchita chiyani.

"Akulu, mukutayiranji nthawi?" adafunsa Nalimata. "Kompyuta siwerenga timawu tanuto."

"Ndikulembera amene adzabwere pambuyo panga."

"Mukatero ndiye abwera msanga."

Fulu adangoseka n'kupitiriza.

Pulogalamu idatha, idagwira ntchito, maliro adachepa. Ng'azi adapatsidwa mendulo. Sabata yotsatira adabwera ndi achule atatu ongotuluka kumene kusukulu, ovomera kulipidwa ntchentche zakufa.

"Mwawerenga zimene adalemba a Fulu?" adawafunsa.

"Tawerenga, bwana."

"Mwamva?"

"Zonse, bwana. N'zomveka ngati buku la sitandade wani."

"A Fulu, kampani ikuthokoza kwambiri. Makiyi musiye kwa kapitawo."

Gulo adagwedeza mutu. Fulu adanyamula kapu yake n'kutuluka. Kufika pageti kudamutengera masana onse, ndipo palibe adamuperekeza.

Nalimata adaona zonsezo. Mumtima adati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ine ayi.

Kwa sabata yathunthu, achule akapita kukadya, iye amatsala. Adafufuta timawu tonse ta Fulu. Adasintha maina. Pamene padalembedwa kuti mkango adalembapo kuti chigubu. Pamene padali ola adalembapo apongozi. Mzere wa mbawala adaumangirira ku mzere wa nkhanga, wa nkhanga ku wa mvuu, kotero kuti ukakhudza umodzi, asanu amagwedezeka. Pomaliza adakwirira kamsampha pakati penipeni: masiku atatu alionse pamafunika kudina mabatani ena ake, mwa ndondomeko yodziwa iye yekha, apo ayi pulogalamu imapenga.

Sipadapite mwezi, Ng'azi adamuitana.

"Iwe Nalimata, kampani ikuthokoza."

"Zikomo, bwana. Makiyi ndisiye kwa kapitawo?"

"Wadziwa kale."

Adatuluka akuimba mluzu. Mkazi wake Nachanza adadabwa kumuona akubwera dzuwa lili pamutu.

"Bambo, kwagwanji?"

"Andichotsa."

"Nanga mukusekerera chiyani?"

"Sesa pakhomo, mkazanga. Mkuja kubwera mlendo wa tayi."

Tsiku lachitatu foni ya Mbawala idalira: pita ukamwe tsopano. Foni ya Kambuku idaliranso ndi uthenga womwewo. Mbawala adapita, sadabwerere. Adasiya ana awiri oyamwa. Bwalo la nyama lidakalipa, Njati adati akathyola geti ya kampani. Achule adayang'ana pa kompyuta mpaka maso kutuluka, koma amangoona chigubu, apongozi, chigubu, apongozi.

Madzulo ake Ng'azi adafika yekha pakhomo pa Nalimata, tayi ili pambali.

"Odi, achimwene!"

"Achimwene ndani? Dzana ndinali iwe."

"Zija zinali za muofesi. Tiyeni mukatithandize."

"Ndikufuna mpando wozungulira. Ndikufuna pachitseko palembedwe kuti Injiniya Wamkulu. Ndipo achule aja abwerere kudambo."

"Zonse zitheka, achimwene."

Ng'azi atachoka, Nachanza adafunsa, "Nanga Mbawala uja wafera chiyani?"

"Wafera kuchenjeretsa bwana."

"Anali ndi ana."

"Ifenso tili ndi mimba. Tsopano palibe angandichotse, wamva? Palibe. Popanda ine chitsime chija ndi butchala."

Ndipo adanena zoona. Palibe akadamuchotsa. Chimene sadaganize n'chakuti amene sangachotsedwe sangachokenso.

Pulogalamu yomangidwa chotero siikhala chete. Akakonza za Nyumbu, zimaonongeka za Nguluwe. Akakonza za Nguluwe, Mvuu amalandira uthenga woti akamwe kanayi. Foni imalira ali pachimbudzi, imalira ali kutchalitchi, imalira mbamu ili pakamwa. Wina woti amuitane padalibe, poti achule adawathamangitsa yekha. Adasiya kudya kunyumba. Amangomwa khofi wowawa n'kutafuna mabisiketi, zinyenyeswa zikugwera m'mabatani. Dzuwa amaliona pa chithunzi cha pakhoma.

Pogwira ntchito ankaimba kanyimbo ka mayimbidwe a pamtondo. Iye amatsogolera, mabatani amavomera ngati minsi. M'nyimbomo amapempha maso ake kuti apirire, kuti ntchito yatsala pang'ono, kuti mawa akawagoneka. Ndipo mabatani, pogogoda paja, amamveka ngati akumuyankha kuti mawa lili ndi ntchito yakeyake. Gulo akamva nyimboyo amagwedeza mutu, osamva n'komwe mawu ake.

Maso adafiira. Mutu udayamba kugunda ngati ng'oma. Tsiku lina adati aimirire akatunge madzi akumwa, adangoona mdima, n'kugwa chagada. Adatsitsimuka ali kuchipatala, Nachanza ali pambali, dokotala Kakowa atamumanga chopimira pamkono.

"Mumagona maola angati?" adafunsa Kakowa.

"Zimatengera, adokotala."

"Mayi, amagona maola angati?"

"Ndikadadziwa akadamagona kunyumba," adatero Nachanza.

"Magazi anu akuthamanga ngati mtsinje wosefukira. Mtima watupa. Mukufunika kupuma mwezi wathunthu, osaona kompyuta, osagwira foni."

"Mapiritsi palibe?"

"Alipo. Koma piritsi silingagone m'malo mwanu. Mukapanda kupuma, mwezi ukubwerawu simuuona. Mayi, mwamva?"

"Ine ndamva. Afunseni eni mtimawo."

Nalimata adatenga kalata ya dokotala n'kupita nayo kwa Ng'azi. Ng'azi adaiwerenga mozondotsa, n'kuibweza.

"Pepani kwambiri, a Injiniya. Moyo ndi wofunika. Pitani mukapume ndithu."

"Zikomo, bwana."

"Mungotisiyira wina wodziwa kuyendetsa pulogalamuyi."

Ng'azi adamuyang'ana n'kufunsa:

"Alipo?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye mukamupeza mudzandiuze. Tchuthi chanu chili apa, sichithawa."

Gulo adagwedeza mutu.

Nalimata adabwerera pampando wake wozungulira. Adati, ndidachenjera polowa, ndichenjeranso potuluka.

M'mawa mwake adalowa muofesi ya bwana atanyamula mapepala. Atafika pakati pa kapeti adadzigwetsa, n'kudula mchira wake monga amachitira analimata akagwidwa ndi mdani. Mchira udagwa poteropo n'kumaphiriphitha wokha, magazi ali chuchuchu.

"Mayo ine! Bwana, ndikuthothoka! Matenda aja afika poduladula thupi! Lero mchira, mawa mutu!"

Ng'azi adakweza miyendo kuti magazi asamudetse nsapato.

"Kapitawo, kodi a Injiniya amalemba ndi mchira?"

"Ayi, bwana."

"Zala zilipo zonse?"

Gulo adawerenga. "Zonse, bwana."

"Ndiye Mulungu ndi wabwino. Komabe ndaona kuti kuyenda kukukuvutani, a Injiniya. Popanda mchira mukhoza kugwa panjira. Kapitawo, agulireni mphasa, muiyale pansi pa tebulo lawo. Asamavutikenso ndi kupita kunyumba. Kampani ino imasamala antchito ake."

Basi, kuyambira tsiku limenelo Nalimata adaleka kupita kwawo. Nachanza amabweretsa chakudya pageti, mlonda n'kumachilandira. Nthawi zina chimafika, nthawi zina mlonda amanona nacho.

Ndipo nyimbo ija idapitirira. Tsopano siinali ya maso okha. Amapemphanso msana, umene udapindika ngati uta, kuti upirire, ntchito yatsala pang'ono, mawa akaugoneka. Mabatani amayankha zomwe zija, kuti mawa lili ndi ntchito yakeyake.

Sabata idatha. Nalimata adati, matenda amakana, koma maliro palibe bwana angakanize.

Adalowa muofesi atadzipaka malovu m'maso.

"Bwana, amayi anga atisiya kumudzi."

Amayi akewo adamwalira kalekale, iye asadaphunzire n'komwe kuyenda pakhoma. Ng'azi adavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Pepani, a Injiniya. Mayi ndi mayi. Pitani lero lomwe."

"Mwambo wakwathu ndi wautali, bwana. Pali kuika, pali kumeta, pali kusesa. Mwezi ukhoza kutha."

"Mwambo ndi mwambo, sitingauphwanye. Kapitawo apita nanu kuimira kampani. Anyamula nkhata ya maluwa. Anyamulanso laputopu iyi, mwina kungagwe kanthu."

Adanyamuka awiri, Gulo ali pambuyo ndi katundu. Nalimata thukuta lili kamukamu, poti maliro oti apiteko padalibe. Adayenda, adayenda, mpaka adaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pagwa zovuta. Adafunsa monong'ona, adamuuza kuti wamwalira ndi gogo wina wa kwa Abuluzi. Adati, ameneyu andikwanira.

Adalowa pasiwa akudzigubuduza.

"Mayo! Amayi anga ine! Mwandisiyira yani!"

Anamfedwa adayang'anana.

"Ameneyu ndi wa kuti?"

"Kaya. Mwina ndi wa banja lawo loyamba. Taonani alibe ndi mchira womwe, wavutika panjira."

Wolira sathamangitsidwa. Adamupatsa malo pamkeka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri Nalimata adatsamira khoma n'kuyamba kusinza. Asadafike n'komwe pa kulota, foni idalira. Gulo adamugwedeza.

"A Injiniya, Njati ndi Mkango alandira ola limodzi."

"Ndili pamaliro a amayi anga!"

"Bwana akuti amayi apita kale, koma Njati akadali moyo."

Adamuikira laputopu pamiyendo. Nalimata adakonza. Ulaliki uli mkati idaliranso, adakonza. Popita kumanda idaliranso. Bokosi likutsitsidwa, anthu akuimba, iye adali tsonga pa mtumbira wa wina, zala zili gogogo.

Mkulu wa adzukulu adaponya khasu pansi.

"Mwana wanji uyu wolemba makalata mayi ake akulowa m'dothi? Iwe, dzina la malemuwa ndani?"

Nalimata adatsegula pakamwa, dzina osatuluka. Adzukulu adamuthamangitsa ndi mipini mpaka kumsewu. Gulo adathawa ndi laputopu, nkhata ya maluwa adaitaya m'munda.

Atafika, Ng'azi sadakalipe. Adali wokondwa.

"Kapitawo wandiuza kuti ntchito mumaitha ngakhale pamanda. Sindinkadziwa. Laputopu imeneyo ikhale yanu, muziyenda nayo ngakhale kubafa. Ndipo poti mwapumako masiku awiri kumudzi, za tchuthi zija tiyambe taziika pambali."

Nyimbo idabwerera. Tsopano amapempha maso, msana, ndi zala, zimene zidayamba kuchita dzanzi mpaka osamva kutentha kwa kapu. Mawu ake adali atasasa, ndipo mabatani ndiwo amamveka kwambiri kuposa woimba.

Apa Nalimata adaona kuti machenjera akumuthera. Adatuma uthenga kwa Fulu, amene tsopano ankagulitsa bowa pamsika, atanenepa mpaka chigoba kumuthina. Fulu adabwera masana, Gulo akuwothera dzuwa panja, n'kulowera kukhomo lakumbuyo.

"Mphwanga, ndiwe yemwe? Ndimayesa ndi chikopa chakale chimene wafundula."

"Akulu, ndidakulakwirani. Ndidafufuta timawu tanu tonse. Ndikufuna ndikuphunzitseni pulogalamuyi, muigwire mwezi umodzi wokha, ine ndikagone."

"Tsegula tione."

Fulu adavala magalasi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Apongozi awa ndi ndani?"

"Ndi ola."

"Nanga apongozi achiwiri awa?"

"Amenewo ndi... dikirani. Ndidawaika tsiku limene Mvuu adamwa kanayi."

"Palinso apongozi enieni, apongozi atsopano, ndi apongozi osakhudza. Ola ndi liti pamenepa?"

Nalimata adasuzumira. Mizere imavina. Adatikita maso, adasuzumiranso.

"Sindikukumbuka."

"Udalemba ndiwe."

"Ndidalemba ndine, koma mutu umene udalembawo si uno. Uja unkagona."

"Nanga kamsampha kako ka masiku atatu kali pati? Tiyambe tachotsa kameneko."

"Ndidakakwirira pakati. Pamwamba pake ndamangapo zinthu zambirimbiri. Zala zikudziwa podina, koma mutu sukudziwa kuti kali pati."

Fulu adavula magalasi.

"Ichi sichimasulika, mphwanga. Pafunika kulemba chatsopano. Tili awiri, miyezi isanu ndi umodzi."

"Dokotala adandipatsa mwezi. Masabata awiri apita kale."

"Ndiye ingonyamuka. Tsekula chitseko icho, upite kwa mkazi wako."

"Ndikanyamuka, tsiku lachitatu wina afa pachitsime. Lachinayi afa khumi. Lachisanu Njati abwera kudzandiponda ndili pamphasa."

"Udayamba liti kuwerenga maliro a ena?"

Nalimata adaloza pawindo. "Ana a Mbawala aja amadutsa apa tsiku lililonse popita kukamwa. Amayang'ana foni kaye, kenaka amayang'ana kuno."

Fulu adatulutsa bowa pang'ono m'thumba n'kumuikira patebulo.

"Ine adandichotsa chifukwa aliyense amamva zimene ndidalemba. Ndidalira sabata imodzi. Iwe sangakuchotse. Sindikudziwa kuti ndikuuze chiyani. Umupatse Nachanza akuphikire."

Adatuluka pang'onopang'ono monga adalowera.

Nalimata adakhala, dzanja lili pachifuwa pamene pamabaya ngati singano. Adati, chabwino. Mwezi andimana. Ndiba masiku atatu okha. Atatuwo akatha ndidzaba ena atatu.

Adayamba kulemba kapulogalamu kena kakang'ono. Ntchito zake zidali ziwiri basi. Koyamba, kazidina kokha mabatani aja a masiku atatu, motsanzira zala zake. Kachiwiri, aliyense akatumiza uthenga pa foni yake, kaziyankha nthawi yomweyo kuti: Ndamva, ndikukonza pompano. Kukonza kenikeni sikankakonza kanthu. Koma Nalimata ankadziwa kuti bwana akayankhidwa msanga amayesa ntchito yagwirika.

Adaimbira Nachanza.

"Mkazanga, ndapeza njira."

"Njira inanso? Yoyamba idakudyerani mchira, yachiwiri mipini."

"Iyi ndi yeniyeni. Ndikhoma chitseko, ndigona masiku atatu, bwana aziyesa ndikugwira ntchito. Lachisanu ndizemba, ndibwera kunyumba. Undiphikire bowa."

"Bwerani lero, bambo."

"Lachisanu. Kangotsala pang'ono."

Adapachika chikwangwani pachitseko chakuti Injiniya asasokonezedwe, n'kukhoma. Adalemba mizere yotsiriza akuimba kanyimbo kake. Ulendo uno sadapemphe maso, msana kapena zala. Adaimbira mtima wokha, kuuuza kuti tsopano ntchito yathadi, si za mawa ayi, ndi lero lomwe, ugone. Adadina batani lomaliza n'kutsamira pampando. Mabatani sadavomere, poti padalibenso wowagogoda. Mtima udamva zimene adauuza. Udagona.

Kapulogalamu kaja kadayamba ntchito.

Ng'azi adatumiza uthenga: Nyumbu akudandaula. Asadaike n'komwe foni pansi, yankho lidafika: Ndamva, ndikukonza pompano.

"Kapitawo, taonani! Kale amatenga mphindi khumi, akuyamba wang'ung'udza. Maliro aja amuwongola."

Gulo adagwedeza mutu.

Tsiku lachiwiri Ng'azi adatumiza mauthenga makumi awiri, ena ongoyesa. Onse adayankhidwa asadaphethire. Adalamula kuti chithunzi cha Nalimata chipachikidwe pageti, pansi pake palembedwe kuti wantchito wachitsanzo.

Nachanza sadatumize kanthu masiku awiri, kuopa kumudzutsa. Lachisanu adaphika bowa. Adadikira mpaka bowa adazizira. Adalemba: Bambo, mwanyamuka? Yankho lidabwera nthawi yomweyo. Adalembanso: Ndine Nachanza, ndikufunsa ngati mwanyamuka. Yankho lomwelo, liwiro lomwelo.

Adamanga nsalu m'chiuno n'kuthamangira kukampani. Mlonda adati amuletse, adamukankhira kumbali. Adakumana ndi Ng'azi pakhonde.

"Tsekulani chitseko icho."

"Mayi, a Injiniya ali pantchito. Taonani, andiyankha posachedwa pompa."

"Inenso andiyankha. Chikwatirane, mwamuna wanga sadandiyankhepo msanga chonchi. Tsekulani."

Gulo adayang'ana pansi pa chitseko. Nyerere zidali zitapanga mzere, zina zikulowa, zina zikutuluka zitasenza. Kwa nthawi yoyamba mutu wake udaima osagwedezeka. Adathyola loko.

Adamupeza atakhala pa mpando wake wozungulira, nkhope ikuwala ndi kuunika kwa kompyuta, maso ali tong'o. Mphasa ija pansi pa tebulo idali yosagonedwapo n'komwe. Nachanza sadakuwe. Adapita n'kuika dzanja pankhope pake kuti amutseke maso. Sadatsekeke. Adayesa kachiwiri, adayesa kachitatu. Zikope zidali zitauma kalekale, mwini wake akadali moyo.

Ng'azi adaima pakhomo atatseka mphuno ndi tayi.

"Wafa liti?"

"Nyererezi zikuonetsa masiku atatu, bwana."

"Nanga amene wakhala akundiyankha ndani?"

Adaitanitsa mmodzi wa achule aja kuchokera kudambo. Chule adayang'ana pa kompyuta, mtembo usadachotsedwe n'komwe pampando.

"Bwana, pulogalamu yaikuluyi sindikuimva, ndi apongozi okhaokha. Koma pali kena kakang'ono apa, kameneka ndikukamva. Ndi kamene kamakuyankhani. Kamadinanso mabatani ena masiku atatu alionse."

"Kamadya chiyani?"

"Sikadya, bwana."

"Kamadwala?"

"Ayi."

"Kali ndi amayi kumudzi?"

"Kalibe."

"Kamakonza zoonongeka?"

"Ayi, bwana. Kamangoyankha."

Ng'azi adaganiza pang'ono, lilime likutuluka n'kulowa.

"Kasiyeni kagwire ntchito. Kapitawo, athandizeni mayiwa kunyamula katundu wawo. Mpandowo utsale, ndi wa kampani."

Mutu wa Gulo udayambanso kugwedezeka.

Nachanza adabereka mwamuna wake kumsana, poti adali atapepuka ngati tsamba louma, n'kutuluka naye pageti, pansi pa chithunzi chija. Kumaliro kudabwera Fulu, koma adafika ataika kale. Kampani idatumiza uthenga wa chipepeso pa foni ya malemu, ndipo foniyo idayankha kuti yamva, ikukonza pompano.

Pulogalamu yaikulu ija idapitiriza kuonongeka, lero pang'ono, mawa pang'ono, popanda woikonza. Mpaka lero nyama zimakumana pachitsime n'kudyana. Otsala amalemba madandaulo, amayankhidwa asadaphethire, amakhala pansi n'kumadikira. Ng'azi adapatsidwa mendulo yachiwiri chifukwa cha kuyankha msanga.

Ndipo inu mukaona nalimata ali phee pakhoma pafupi ndi getsi, maso osaphethira, musamuponyere nsapato. Ndi mtundu wa uja adapempha mwezi umodzi wogona.

Nthano yathera pamenepa. Za mbatata musandifunse, idapserera tikadali pantchito.